Soda wa m'chiwaya ndi madzi a chidede

Kalata yonditumiza kusukulu ija inandipeza kwathu ku Thyolo, patangopita miyezi isanu chimwalirireni mwamuna wanga. Ana tinalibe. Abale anandiuza kuti ndipite kuofesi ndikadandaule, mwina angandipatse malo apafupi, koma ine sindinapite. Ndinamanga matiresi, mbaula, ndowa ziwiri ndi katoni ya mabuku, n'kukwera basi ya ku Kasungu.

Sukuluyo inali sekondale yoyendera, kudera la Kaomba. Kwathu ukatuluka m'nyumba maso amagunda phiri kapena minda ya tiyi. Kuno maso ankangopita mpaka kutopa okha. Dziko lake linali lathyathyathya, zigafa za fodya apa ndi apo, zitsa za mitengo imene inatha kalekale, ndi fumbi limene linkalowa mpaka m'shuga.

Aphunzitsi tinalipo asanu ndi mmodzi. Anzangawo anali ndi makomo awo m'midzi yozungulira, ena pamalo a malonda. Ankabwera pa njinga m'mawa, belu lomaliza likalira n'kubwerera. Nyumba ya mphunzitsi inalipo imodzi yokha, kuseri kwa bwalo la mpira, ndipo anapatsa ine. Ana akaweruka ndinkatsala ndi mbuzi za eni ake zimene zinkabwera kudzagona pakhonde la Folomu 2. Loweruka linkatha osayankhula ndi munthu. Lamlungu ndinkapita kutchalitchi, moni ankandipatsa wabwino ndithu, koma mapemphero akatha aliyense ankalowera kwa abale ake, ine n'kumabwerera ndekha m'kanjira kodutsa m'minda.

Ndinkaphunzitsa sayansi. Panali chipinda chimene ankachitcha labu, koma nditachitsegula ndinapezamo mashelefu, mabotolo opanda kanthu ndi matumba a simenti otsala pomanga zimbudzi. Ndinapita kwa ahedi kukafunsa kumene ankasunga zipangizo. Anali bambo wachikulire, wofatsa, amenenso anali ndi munda wake wa fodya.

"Amadamu, muzingowajambulira pabolodi," anatero. "Amene analipo inu musanabwere ankatero, ndipo ana ena ankakhoza."

Zinali zaka za makuponi a feteleza. Mwezi wa Okutobala utafika, nkhani inali imodzi paliponse: dzina la yani lalembedwa, la yani lasiyidwa, feteleza wafika kudepoti kapena ayi. Ana ambiri a Folomu 4 anali akuluakulu, ndipo makolo ankawatuma kukagwira malo pamzere. Ankapita masiku awiri, atatu, n'kubwera maso ali gwa, ena osabweranso sabata yonse. Mutu wa maasidi ndi maalikali ndinauyamba ndili ndi ana asanu ndi awiri m'kalasi. Ndinajambula botolo pabolodi, ndinajambula madontho akugweramo, n'kulemba kuti apa madzi asintha mtundu. Anawo anakopera bwinobwino. Mtsikana wina anandifunsa kuti asintha kukhala mtundu wanji, ndipo ndinamuyankha ndi choko choyera chomwecho.

Mjigo wa sukulu unali pafupi ndi nyumba yanga. Amayi a m'mudzi ankatunga m'mawa ali gulu. Masana dzuwa litatentha kunkabwera mayi mmodzi yekha, wamtali, wa msinkhu ngati wanga, atasenza ndowa yachitsulo. Ankapopa, kusenza, n'kumapita osayang'ana kumbali. Tsiku lina anandipeza ndikuchapa pamwala wa pamjigopo. Sopo ndinali nditamupaka mpaka kutsala kachidutswa, koma thovu silinkabwera, pamwamba pa madzi pankangoyandama zinthu zotuwa.

"Monire, mama," anatero. Unali moni wa kwawo, chakumpoto, kumalire ndi Mzimba. "Madzi a mjigo uno amadya sopo. Muzithiramo kachidulo pang'ono musanachape."

Ndinamuthokoza, ndipo ndinachita manyazi mumtima. Nkhani ya madzi odya sopo ndinaiphunzira kukoleji, mayeso ake ndinakhoza, koma kwa mwezi wathunthu ndinkangokwiyira sopo wa m'golosale.

M'mawa mwake anandibweretsera chidulo m'botolo la mafuta ophikira, madzi achikasu ngati tiyi wosapsa. Anati anawotcha makoko a mtedza ndi zitsononkho za chimanga, phulusa lake n'kuliika m'chitini choboola kunsi, n'kumathira madzi kuti azidontha. Tinathira pang'ono m'ndowa. Madzi anachita mbuu ngati mwagwera ufa, kenako zoyerazo zinadikha pansi. Tinatsanulira a pamwamba m'beseni, ndipo sopo anachita thovu mpaka m'zigongono.

Ndi mmene tinadziwirana. Mwamuna wake anali tenanti pa esiteti ina kutsidya kwa dambo, ankalima fodya wa mwini munda. Anali ndi ana awiri aang'ono amene ankawasiyira mnzake wa pamsasa akamabwera kumjigo. Nditamufunsa chifukwa chimene ankatungira masana dzuwa lili pamutu, anaseka pang'ono.

"M'mawa onse amakamba za makuponi. Ife sitilembedwa, mudzi uno si wathu. Ndiye ndikaima pamenepo ndimangokhala ngati mtengo."

Ine ndinkamuitana kuti mayi, iye ankati mama, nthawi zina aphunzitsi. Anayamba kumatula ndowa pakhonde panga n'kukhala pang'ono asanawoloke dambo. Sitinkakamba zambiri. Za mwamuna wanga ndinamuuza kamodzi kokha. Anangoti pepani, n'kukhala nane mpaka mthunzi unafika pa sitepe yachiwiri.

Chidulo chija chinanditsegula mutu. Mphamvu yake imachokera ku mchere wina wa m'phulusa, ndipo mcherewo ndi pachibale ndi umene buku la Folomu 4 linkafuna kuti ana auone, wotchedwa sodiyamu kaboneti. Ndinakumbukira kuti soda wophikira ndiwo, uja wa m'timapepala ta m'golosale, ukamuwotcha amasanduka mchere umenewu. Loweruka ndinagula timapepala khumi, ndinakhuthulira m'chiwaya chouma n'kuika pambaula.

Mayi uja anandipeza ndikutakasa. Anaima n'kumayang'ana m'chiwayamo.

"Mukukazinga soda? Kwanu mumadya chonchi?"

Ndinamuuza kuti ayang'anitsitse. Ufawo unayamba kuyenda ngati ukuwira, mukutseguka timaenje ting'onoting'ono totulutsa mpweya, chonsecho munalibe dontho la madzi. Patapita nthawi unakhala bata. Utazizira ndinasungunula supuni imodzi m'kapu ya madzi a mvula yoyamba amene ndinasunga, supuni ina ya soda wosawotcha m'kapu ina. Ndinamuuza kuti aviike chala muli monse n'kutikita ndi chinzake.

"Uyu wowotchayu akuterera ngati therere," anatero. "Winayu ayi."

Ndinamufotokozera mmene ndikanafotokozera m'kalasi, koma m'Chichewa, chinthu chimene ndinali ndisanayesepo. Ndinati madzi ali ndi tizigawo tiwiri togwirana. Mchere wowotchawu ukalowa m'madzi umalanda kachigawo kamodzi, kamene timati haidulojeni. Kotsalako n'kamene kali ndi ukali, kamasungunula mafuta a pakhungu, n'chifukwa chake chala chimaterera. Soda wosawotcha ali nako kale kachigawo kamodzi, ndiye salanda kwambiri.

Anagwedeza mutu. Sindikudziwa ngati anamva zonse, koma anati, "N'chifukwa chake chidulo chikachuluka nkhwani imasanduka phala."

Chimene chinkandisowa chinali choonetsera. Kumasukulu okhala ndi zipangizo kumakhala ndi timapepala kapena mankhwala osintha mtundu akakumana ndi asidi kapena alikali. Ndinadandaula za izi ndikutsuka chiwaya, ndikuyankhula ndekha monga ndinali nditazolowera.

"Chosintha mtundu?" anafunsa. "Chidede chimasintha. Chimakhala chofiira, koma mukangothira chidulo kuti muphe kuwawasa, chimada, chimapita kobiriwira."

Lolemba masana anabwera ndi chidede chouma, timakoko tofiira towawasa tija, atachimanga pakona ya chitenje, chimene anachoka nacho kwawo. Tinachiviika m'madzi otentha mpaka anafiira ngati magazi. Ndinadula botolo lapulasitiki pakati, ndinathiramo madzi a soda wowotcha, kenako supuni ya madzi a chidede. Kufiira kuja kunatha nthawi yomweyo, madzi anasanduka obiriwira modera. Ine ndinakuwa ngati kamwana. Iye anandiyang'ana modabwa, poti kwa iye zinali za tsiku ndi tsiku.

Tinafinya mandimu, tinasefa ndi kansalu. Ndinachotsa mtima wa bolopeni n'kutsala ndi chubu, ndipo potseka kumwamba ndi chala chinkagwetsa dontho limodzilimodzi. Ine ndinkadontheza ndi kutakasa, iye ankawerenga. Kusukulu analekera Sitandade 3, koma kuwerenga masamba a fodya kunamuphunzitsa kusaphonya.

Madontho oyamba sanachite kanthu kooneka. Kenako kubiriwira kunayamba kufooka, madzi anachita ngati mtambo wa mvula, kenako anayamba kupita kofiirira. Mpaka pamenepo munalibe thovu. Titapitiriza, mwadzidzidzi tithovu tinayamba kukwera m'mbali mwa botolo, dontho lililonse likumveka kuti tswii, mpaka madzi anafiira n'kukhala chete.

"Imani kaye," anatero. "Bwanji poyamba sanachite thovu? Mandimu ndi omwewo."

Funso limenelo palibe mwana wa m'kalasi anandifunsapo. Ndinamuuza kuti mcherewu umalandira asidi kawiri. Ulendo woyamba umangobwerera kukhala soda wophikira uja, mwakachetechete. Wonse ukabwerera, asidi wobwera pambuyo ndi amene amautulutsa mpweya, ndiye thovu lija. Ndinati ngati n'zoona, madontho a ulendo wachiwiri ayenera kufanana ndi a ulendo woyamba. Tinabwerezanso kawiri. Sanafanane ndendende, poti mtundu wa chidede umasintha pang'onopang'ono ndipo tinkatsutsana pamene wasinthira, koma sanatalikirane. Anaiwala ndowa yake mpaka dzuwa linapendeka, n'kunyamuka akuthamanga, madzi akutayikira kumsana.

Mvula itagwa mokwanira ana anabwerera, ena ali ndi feteleza kunyumba, ena alibe. Ndinasesa labu, ndinatulutsa matumba a simenti, ndipo gulu lililonse ndinalipatsa botolo lodula, chubu cha bolopeni ndi kapu ya madzi a chidede. M'chipindamo munali phokoso moti ahedi anabwera kudzaona ngati kwabuka ndewu. Anaima pakhomo nthawi yaitali. Mtsikana uja amene anafunsa za mtundu anakweza botolo lake padzuwa n'kumalizunguza.

Ndinali nditamuitana mayi uja kuti adzaonere, koma sanabwere. Inali nthawi yowokera fodya, ndipo pa esiteti sankalola munthu kuchoka mvula ikagwa. Nditamuuza mmene zinayendera anasangalala, koma anakana kuti ndizinena kuti nzeru ya chidede inali yake.

"Angandiseke, mama. Amayi onse akudziwa zimenezo."

Tsiku lina ahedi anandiitanira muofesi. Anayamba ndi kuyamikira phunziro lija, kenako anatsitsa mawu.

"Amadamu, anthu akuona kuti mumacheza kwambiri ndi mkazi wa tenanti. Sindikuti ndi woipa. Koma anthu amenewa amabwera n'kupita. Bwanji osalowa m'gulu la amayi a kutchalitchi?"

Ndinawathokoza. Sindinawauze kuti amayi a kutchalitchi ndinawayesa, ndipo ankandilemekeza kwambiri moti ankandipatsa mpando iwo atakhala pamphasa, nkhani n'kuduka mpaka nditachoka.

Mu Januwale anayamba kuthyola fodya. Masamba aawisi ali ndi phula lomata, ndipo manja a mayi uja anada bii mpaka m'mikono, zala zitang'ambikang'ambika ndi singano yosokera masamba. Ankabwera kumjigo mwa apo ndi apo, ali wotopa. Anandionetsa mmene ankapalira phulalo ndi mchenga, lisakuchoka. Ine ndinaganiza kuti ndapeza pomubwezera zabwino zake. Ndinalowa m'nyumba, ndinatapa soda wowotcha wodzaza kapu n'kumukulungira m'pepala.

"Musungunule m'madzi, muviike manja. Phula lonse lichoka."

Sindinamuuze kuti athire wochuluka bwanji. Sindinamuuze kuti asaviike nthawi yaitali, kapena kuti atsukuluze ndi madzi ambiri pambuyo pake. Ming'alu ya m'zala zake ndinaiona ndi maso anga, koma mutu wanga unali pa phula basi.

Sanabwerenso. Sabata yoyamba ndinati ndi ntchito. Yachiwiri ndinayamba kumakhala pakhonde masana onse, mabuku a ana ali pamwendo, maso ali kudambo. Mvula inkagwa pamalata, ikakata n'kumveka achule okha. Ndinayamba kukumbukira mawu a ahedi, ndipo ndinadzida poona kuti ndikuwakhulupirira pang'ono. Sabata yachitatu kunabwera mayi wina wa pamsasa womwewo kudzatunga, ndipo ndinamufunsa.

"Anzanu aja manja anatupa," anatero osandiyang'ana. "Mankhwala aja munawapatsa."

Loweruka m'mawa ndinagula botolo la mafuta odzola ndi sopo, n'kuwoloka dambo nsapato zili m'manja. Aka kanali koyamba kufika pa esiteti. Misasa ya matenanti inali kumapeto kwa munda, yaudzu kuyambira pansi mpaka padenga, yoti munthu wamtali ngati iye ankalowa chowerama. Pafupi panali chigafa chachitali, masamba atapachikidwa mizeremizere, fungo lake lolowa pakhosi.

Ndinamupeza atakhala pansi pa chigafa akusoka fodya pang'onopang'ono, zala ziwiri zitakulungidwa tinsanza. Atandiona anafuna kuimirira kuti akandipezere pokhala. Ndinakhala pansi pomwepo. Ndinamupempha kuti ndione manja. Kutupa kunali kutatha, koma khungu linali litasupuka m'zikhato, latsopano lili lofiira, ndipo ming'alu ina inali isanapole.

Anandiuza mmene zinachitikira. Anathira kapu yonse m'kabeseni ka madzi ofunda, poganiza kuti ndi chimodzimodzi soda wa ndiwo. Anaviika manja nthawi yaitali chifukwa phula linkachokadi, ndipo anakondwa. Kunyerenyesa anakumva koma anapirira. Anapukuta osatsukuluza. Madzi omwewo anawasunga n'kubwereza masiku atatu. Tsiku lachinayi sanathe kugwira singano, ndipo anakhala sabata yathunthu osasoka pamene fodya anali atapsa m'munda.

"Ndalakwa ndine, mayi," ndinatero. "Ndinkadziwa kuti ndi waukali. Ndinayenera kukuuzani."

"Munandiuza tsiku lija kuti amasungunula mafuta a pakhungu," anayankha. "Ine ndinaiwala."

"Ayi. Sindinakuuzeni bwino."

Mwamuna wake anatulukira kuchokera kumunda atasenza mtolo wa masamba. Anali wamfupi, wowonda, malaya atada ndi phula. Anatula mtolowo n'kundipatsa moni mwaulemu, atagwira chigongono. Kenako anayankhula akuyang'ana pansi.

"Aphunzitsi, ife manja ndiye munda wathu. Masamba ena anawolera m'munda sabata imene ija. Ndinamuletsa ndine kubwera kwanu. Sikuti ndinakwiya nanu, koma zinthu za kusukulu ife sitizidziwa."

Ndinapempha singano. Onse awiri anakana, koma ndinaumirira, ndipo mayi uja anandionetsa pobaya phesi la tsamba ndi mmene amamangira akakwana. Ndinasoka mpaka masana. Ndinkachedwa kwambiri moti mwina sindinathandize kanthu, ndipo masamba angapo ndinawang'amba. Manja anga anada, msana unauma. Pobwerera anandiperekeza mpaka m'mphepete mwa dambo.

"Yewo, mama," anatero. Ndinali nditadziwa kale kuti ndiko kuthokoza kwa kwawo. "Phulalo musaliviike mu soda wanu uja. Pakani mafuta ophikira, kenako sopo."

Tinaseka tonse, koma ine misozi inali pafupi.

Ndinapitanso masiku awiri a Loweruka otsatira. Kenako anayambanso kubwera kumjigo, ngakhale sankakhalitsa ngati kale. Lolemba lina m'kalasi ndinaonetsa ana manja anga akuda n'kuwafotokozera chimene chinachitikira munthu wina chifukwa cha kusasamala kwanga, osatchula kuti ndani. Kuyambira pamenepo, phunziro la soda wowotcha ndinkaliyamba ndi ndowa ya madzi otsukuluzira ili pakhomo la labu, ndipo mwana wa bala pachala sankaloledwa kuviikamo.

Mvula itatha fodya anauma, anayamba kusankha masamba ndi kudinda mabelo. Chidede chatsopano chinapsa kuseri kwa msasa wawo, kumene anamwaza njere zochepa, ndipo anandibweretsera chodzaza lichero. Tinachiyanika pakhonde panga. Ndinamufunsa ngati adzakhalenso chaka chotsatira. Anati zimenezo amadziwa ndi abambo akunyumba ndi mwini esiteti, iye amangomva tsiku lomanga katundu.

A Folomu 4 analemba mayeso nthawi yozizira. Pa mayeso ochita ndi manja, zipangizo zenizeni zinabwera m'katoni kuchokera kuboma, kutatsala masiku awiri. Ana anali asanagwirepo mabotolo agalasi otero, koma kudontheza pang'onopang'ono uku akutakasa ndi kudikira mtundu kusintha ankakudziwa. Mtsikana uja atatuluka anandiuza kuti mankhwala a m'katoni amasintha msanga kuposa chidede, moti anadzidzimuka n'kupyola muyeso ndi dontho limodzi.

Sukulu itatsekera ndinapita kwathu kutchuthi. Ndinatsanzikana naye pamjigo mwachizolowezi, ndinati tionana mwezi wamawa. Ku Thyolo abale anati ndanenepa, ena anati ndada. Anandifunsa ngati ndapeza anzanga kumeneko, ndipo ndinati mmodzi. Tsiku lobwerera ndinagula chitenje chamaluwa achikasu pamsika ndi paketi yaikulu ya tiyi, zoti ndikamupatse.

Ndinafika Lachisanu. Loweruka m'mawa ndinawoloka dambo, limene tsopano linali louma, ndi kathumba kanga m'manja. Chigafa chinalipo, chopanda kanthu. Pamene panali misasa panali mabwalo akuda a phulusa, poti anaitentha pokonzekera anthu atsopano. Ndinapeza kapitawo wa pa esiteti akuyeza malo a nazale ya fodya ndi chingwe. Ndinamufotokozera banja limene ndinkafuna, mayi wamtali ndi bambo wamfupi, a ana awiri.

"Aja a Chitumbuka aja? Ananyamuka pa lole masabata awiri apitawo."

"Analowera kuti?"

"Kaya. Ena amati ku Mchinji, ena amati anabwerera kwawo. Lole inali ndi mabanja ambiri."

Ndinamufunsa ngati anasiya uthenga uliwonse. Anaganiza pang'ono n'kupukusa mutu, kenako anandipempha kuti ndisunthe chifukwa ndinaponda chingwe chake.

Pasukulu ija ndinakhalapo zaka zina zitatu. Nthawi zingapo ndinafunsa madalaivala a malole ndi matenanti atsopano, koma dzina la mudzi wa kwawo sindinkalidziwa, ndipo amayi aatali a ana awiri ndi ambiri. Tiyi uja ndinamwa ndekha, anatha Khirisimasi isanafike. Chitenje chinakhala pansi pa sutikesi, chili chopindidwa mmene anachipindira wogulitsa, mpaka chaka chimene anandisamutsa. Mng'ono wanga anachipeza pondithandiza kumasula katundu, anachikonda, ndipo ndinamuuza kuti atenge.